Madrasa a M'minda ya Tiyi: Kuchoka pa Thabwa Kufika pa Foni

Pamene Maclean Kay ankayamba esiteti ya Satemwa mu 1923, Thyolo anali atadzaza kale ndi anthu obwera kudzafuna ntchito. Ambiri anali Alhomwe othawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi ku Mozambique, koma panalinso Ayao, ndipo ena mwa iwo ankalembedwa ukapitawo. Ayaowa anabwera ndi Chisilamu chimene mafumu awo, monga Makanjira ndi Mponda, analandira zaka za m'ma 1870 kupita mtsogolo. Ku Thyolo anali ochepa, ndipo vuto lawo lalikulu linali la kumene mwana angaphunzire.

Sukulu za nthawiyo zinali m'manja mwa mishoni. Ku Makwasa kunali Malamulo, ya mpingo wa Seventh-day Adventist kuyambira 1902. Kholo la Chisilamu linkaopa kuti mwana akalowa m'kalasi atuluka ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Ambiri anasankha madrasa basi. Ana ankakhala pamphasa, mwalimu patsogolo, aliyense atagwira thabwa losalala lolembedwapo ndime za Qur'an m'zilembo za Chiarabu. Mwana akaloweza, thabwa linkatsukidwa n'kulembapo ndime yotsatira. Umu ndi mmene anaphunzitsira mashehe otchuka a kunyanja, Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, omwe ophunzira awo anamwazikana m'dziko lonse.

Chisankhochi chinasunga chipembedzo, koma mtengo wake unali wowawa. Ukalaliki wa muofesi ya esiteti ndi ntchito yolemba kulemera kwa masamba pasikelo zinkafuna Chingerezi ndi masamu a kusukulu. Mwana woloweza Qur'an ankatsala ndi dengu kumsana.

Zinthu zinayamba kutembenuka m'zaka za m'ma 1980. Bungwe la Muslim Association of Malawi, mothandizidwa ndi African Muslims Agency ya ku Kuwait, linalimbikitsa kuti mwana aphunzire zonse ziwiri: sukulu m'mawa, madrasa masana. Sukulu zapulayimale zitakhala zaulere mu 1994, chaka chomwe Bakili Muluzi anakhala Msilamu woyamba kukhala pulezidenti wa dziko lino, ana a m'makomboni anapeza khomo lotseguka. Mabuku osindikiza analowa m'malo mwa thabwa, ndipo makaseti a maulaliki ankayenda dzanja ndi dzanja.

Kenako kunabwera wailesi. Radio Islam inayamba kuulutsa mawu mu 2001, ndipo mayi wothyola tiyi anatha kumva shehe akumasulira Qur'an m'Chichewa ndi m'Chiyao uku akuphika ndiwo madzulo. Ngakhale nkhani yoona mwezi wa Ramadhan inasintha. Kale uthenga unkadalira maso a anthu a m'deralo ndi miyendo ya wothamanga nawo, koma tsopano unkafika usiku womwewo kuchokera kutali. Apa panabuka funso limene mashehe akali kulikambirana: mwezi wooneka kwina, womveka pawailesi kapena pafoni, uyenera kumanga anthu a kuno?

Foni yabweretsa zambiri kuposa apo. Lero matanthauzo a Qur'an m'Chichewa, omasuliridwa ndi Sheikh Khalid Ibrahim Betala, ndiponso a m'Chiyao a Sheikh Muhammad Silika, akupezeka pa intaneti. Mnyamata wa ku Bvumbwe kapena ku Luchenza angamvere kawerengedwe ka imamu wa ku Makkah, n'kulandira pa WhatsApp ulaliki wochokera kwa m'bale wake wa ku Joni. Komabe aphunzitsi sakugona tulo nazo. M'Chisilamu, maphunziro amadutsa kuchoka pakamwa pa mphunzitsi wodziwika kufika kwa wophunzira, ndipo mwalimu amamva yekha pamene lilime lapotoza chilembo. Foni siingadzudzule mwana, ndiponso siinena kuti wolalikirayo anaphunzira kwa yani. Mikangano yakale, monga ya sikiri pamaliro pakati pa magulu a Chisilamu a Qadiriyya ndi Sukuti, imatha kuyakanso ndi kakanema kamodzi kotumizidwa m'gulu la pa WhatsApp.

Palinso nkhani ya ndalama, imene imakhudza wantchito wa pa esiteti mwezi ndi mwezi. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, ndipo chilimwe chikafika ambiri aganyu amakhala opanda ntchito. Katapila ndiye amayendayenda m'makomboni, pomwe ngongole za pafoni zimapezeka pongodina manambala ochepa. Chisilamu chimaletsa riba, chiwongoladzanja. Choncho mashehe akufunsidwa zimene agogo awo sanafunsidwepo: kodi ndalama yodulidwa potumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi riba, kapena ndi malipiro a ntchito? Nanga chopereka cha zakaat chingatumizidwe pafoni? Ambiri amayankha posiyanitsa malipiro a ntchito, omwe ndi ololedwa, ndi chiwongoladzanja cha ngongole, chomwe n'choletsedwa. Banki ya FDH inatsegula nthambi ya Salama yotsata malamulo a Chisilamu, koma wothyola tiyi amene malipiro ake amathera pa ufa ndi sopo akufunabe ngongole yaing'ono yopanda riba imene ingamufikire pa komboni pomwepo.