Mamonitala Amene Anabwerera ku Sukulu Ali ndi Ana Ao

Lero tayamba taleka za fodya ndi thonje, kuti tikambe mbiri ya munthu amene midzi yambiri ya dziko lino inamdziwa bwino. Munthuyo ndiye monitala wa sukulu ya m'mudzi, ndipo tilondola njira imene anayenda kufikira atakhala mphunzitsi wa setifiketi.

Amisyoni a Livingstonia anatsegula sukulu yao yoyamba ku Cape Maclear m'caka ca 1875. A Blantyre anafika m'1876, ndipo a Dutch anamanga ku Mvera m'1889. Sipanapite nthawi, mafumu anayamba kutuma mithenga yopempha sukulu, ena cifukwa cofuna kuti ana adziwe kulemba kalata, ena cifukwa mfumu inzao ya tsidya lina inali nayo kale. Koma Azungu a misyoni anali owerengeka, ndi midzi yopempha inali yosawerengeka. Tsono anatenga mnyamata amene anapambana anzace powerenga, nampatsa bolodi, coko ndi buku, namtuma kumudzi. Ameneyo ndiye monitala.

Nchito yace inali yotere. M'mamawa anaomba ng'oma kapena citsulo, ana nasonkhana m'nyumba ya udzu, yomweyo yopemphereramo tsiku la Sabata. Anaphunzitsa zilembo, kuwerenga, masamu ocepa, nyimbo ndi katekisimu. Malipiro ace anali masiling'i ocepa, ndipo akadapanda kulima munda wace sakadadya. Nthawi zina iye mwini anangoposa ana ace ndi makalasi awiri kapena atatu. Mwana wocenjera akamfunsa za patsogolo, monitala anayamba wakaziwerenga usiku pa moto. Musamseke. Agogo anu ambiri amene analemba makalata ali ku Joni ndi ku Salisbury anaphunzira cilembo coyamba kwa munthu wotere.

Amisyoni anadziwa kuti zimenezi sizikwanira. Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution ku Khondowe m'1894, ndi ku Blantyre anatsegula Henry Henderson Institute m'1909, ndipo monsemo munali maphunziro a uphunzitsi. Misyoni zina zinaitana aphunzitsi a m'midzi caka ndi caka kuti adzakhale pa misyoni masabata angapo, anoledwe pang'ono, abwerere. Koma malo anali ocepa, ndipo olowa m'sukulu zazikuluzo kawirikawiri anali anyamata. Monitala amene anakwatira, ali ndi ana, nkhokwe ndi msonkho wolipira, anatsalira kumudzi.

Boma la masiku amenewo linalibe sukulu zace. Kwa zaka zambiri linangopereka mapaundi 1,000 pa caka kuti misyoni zonse zigawane. Zinthu zinayamba kusintha m'1924, pamene linafika bungwe la Phelps-Stokes kudzayendera sukulu za kuno. Mtsogoleri wace anali Dr Thomas Jesse Jones, ndipo m'gulumo munali Dr James Aggrey, munthu wakuda wa ku Gold Coast, dziko lija lichedwa Ghana. Iwo anaona kuti sukulu za m'midzi ziripo zambiri, koma aphunzitsi ace ngosaphunzitsidwa, ndi owayendera ngocepa. M'1926 Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro, ndipo pambuyo pace panadza mayeso a aphunzitsi ndi masetifiketi, ena a cinenero ca kwathu, ena a Cingerezi. Cithandizo ca ndalama za Boma cinayamba kutsata sukulu zokhala ndi mphunzitsi wa setifiketi. Apa ndipo panafika cintchito kwa monitala wacikulire. Munthu wophunzitsa zaka khumi anaona mnyamata amene iye yemwe anamgwiritsa coko akubwera ndi pepala, nalandira malipiro oposa ace. Ena anataya mtima napita ku migodi. Ena anaganiza zobwerera pa benci.

Tsono timve za Domasi, pafupi ndi Zomba. Dzina lakuti Jeanes, limene acikulire a kumeneko alikumbukira, ndi la mai wina wa ku Philadelphia, ku America, Anna Jeanes. M'1907 maiyu anapereka cuma cace kuti cithandize sukulu zazing'ono za anthu akuda a m'midzi ya kumwera kwa dzikolo. Njira yace inali yotuma mphunzitsi mmodzi wodziwa nchito kuti aziyendera sukulu zingapo, kuthandiza anzace osaphunzira kwambiri. Njirayi inaoloka nyanja. Ku Kenya anatsegula sukulu yotere ku Kabete m'1925, ndipo kuno Boma linatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi m'1929, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Carnegie. Mkulu wace woyamba anali mbusa wa misyoni ya Church of Scotland, Bambo E. D. Bowman.

Cacilendo ca sukuluyi cinali cakuti sinafune anyamata. Inafuna amuna okhwima, amene anagwira kale nchito ya uphunzitsi, osankhidwa ndi misyoni zao, ndipo anauzidwa kubwera ndi akazi ao ndi ana ao. Banja liri lonse linapatsidwa nyumba ndi kamunda, nakhala komweko zaka ziwiri. Mwamuna anaphunzira kaphunzitsidwe, ndiko kuti kakonzedwe ka phunziro lisanayambe, kafunsidwe ka ana, ndi kalembedwe ka kaundula. Anaphunziranso ukhondo, kukumba cimbudzi, kusamala citsime, ulimi ndi ukalipentala. Mkazi anaphunzira kulera makanda, kusoka, kuphika ndi kusamala odwala. Amene anakonza zimenezi anaganiza bwino pa cinthu cimodzi: anadziwa kuti munthu wamkulu sangakhazike mtima pa buku ngati ana ace ali kutali ndipo sadziwa cimene adya. Ndiponso mphunzitsi wonena za nyumba ya mazenera, pamene yace iri yamdima, ndani angamumvere?

Inu mafumu, nkhaniyi ikukhudzani, pakuti kuyambira m'1934 mafumu naonso anaitanidwa ku Domasi, pamodzi ndi akazi ao, kukakhala miyezi ingapo. Anaphunzira za mabwalo a milandu, za kasungidwe ka ndalama, za ukhondo wa mudzi ndi za nthaka. Cifukwa cace ncosabisika. Mphunzitsi wa Jeanes akabwerera kwao analibe mphamvu yolamula munthu kukumba cimbudzi kapena kutumiza mwana ku sukulu. Mfumu ikamkana, nchito yace inathera pa khonde. Mfumu ikamlandira, anthu anafolera sukulu, ndipo ana anacotsedwa kobusa mbuzi m'mamawa.

Sikuti onse anakondwera nayo Domasi. Anthu ophunzira a m'mabungwe a Native Association ananena kuti maphunziro a khasu ndi cimbudzi ngabwino, koma asakhale cophimba m'maso, pakuti ana a dziko lino afunanso sukulu zapamwamba zakuti aturukemo madokotala ndi akuluakulu a nchito. Ndipo ananena zoona, cifukwa sekondale yoyamba, ya ku Blantyre, inacedwa kufikira 1940, ya Akatolika ku Zomba 1942, ndi ya Boma ku Dedza 1951. Aphunzitsi a Jeanes naonso anali ocepa poyerekeza ndi sukulu zowayembekeza, ndipo mamonitala ambiri anakalamba osaona setifiketi.

Mbiriyi inabwerezeka. M'1994 Boma linacotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana olembedwa anacoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'caka cimodzi. Aphunzitsi anaperewera, tsono Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osaphunzira uphunzitsi, ambiri a iwo a setifiketi ya JC. Anawalangiza masabata owerengeka okha, nawapatsa coko monga anacitira amisyoni kale. Ambiri anaphunzitsa pansi pa mitengo, ana oposa 100 pamaso pa munthu mmodzi. Dzina la monitala silinachulidwe, koma nchito inali yomweyo.

Kuti anthu amenewa akhale aphunzitsi enieni, m'1997 munayamba maphunziro ochedwa MIITEP. Munthu anapita ku koleji ya aphunzitsi miyezi itatu, nabwerera ku sukulu yace kukaphunzitsa miyezi pafupifupi 20, akuwerenga mabuku amene anapatsidwa ndi kulemba nchito zotumiza, ahedi ndi alangizi a maphunziro akumyang'anira. Potsiriza anabwerera ku koleji kukalemba mayeso. Nthawi imeneyi panalibe nyumba ya banja kapena kamunda monga ku Domasi. Mai wopita ku koleji anasiya ana kwa agogo, ndipo bambo amene ulendo wace unagwa nyengo ya dzinja anasiya munda m'manja mwa mkazi ndi abale. Anapita magulumagulu, cifukwa makoleji sakadatha kuwalandira onse pamodzi, ndipo ena anadikira zaka zingapo, akuphunzitsabe, dzina lao lisanaturuke.