Mbiri ya Sukulu za Kwacha za Makompyuta Kuno ku Qatar

Ulendo uno ndati ndilembeko za mbiri ya nkhani imene ambiri timaiona ngati yaying'ono, yomwe ndi kuphunzitsa anthu akuluakulu kugwiritsa ntchito kompyuta, intaneti ndi foni ya m'manja. Ndikulemba ndili ku Al Messila, dera la nyumba za mipanda mumzinda wa Doha. Kuno ku Qatar munthu wosadziwa kudina foni amavutika kudziwa ngati malipiro ake alowa, amavutika kusintha ntchito, ndipo akalakwiridwa amasowa polowera kuti akadandaule ku boma. Nanga zinthu zinafika bwanji pamenepa, ndipo ndani anayesapo kuthandiza anthu otsalira?

Makolo athu ndi kalata ya ku Joni

Vutoli si lachilendo kwa ife a Malawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, a Malawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri a iwo atalembedwa ndi Wenela. Agogo anga aamuna anali m'gulu limeneli, ndipo monga anzawo ambiri, sankadziwa kulemba. Akafuna kutumiza uthenga kumudzi ankapempha mnzawo wa m'komboni yemwe anapitako ku sukulu ya mishoni kuti awalembere kalata. Kalatayo ikafika kumudzi patapita masabata, agogo aakazi ankainyamula kupita nayo kwa aphunzitsi kuti akawawerengere. Choncho nkhani ya m'banja, kaya ya ndalama, kaya ya matenda, inkadutsa m'manja mwa anthu awiri akunja isanafike kwa mwini wake. Wolembayo akakhala wosakhulupirika, ndalama yotchulidwa m'kalata inkasiyana ndi yomwe yatumizidwa.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha a Malawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku migodi. Ulendowu unayambanso mu 1977 kudzera ku Teba, n'kudzatheratu mu 1988. Koma vuto la kusadziwa kuwerenga linatsala, ndipo n'chifukwa chake mu 1986 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya sukulu za kwacha. M'sukuluzi mphunzitsi sanali munthu wa ku Kapitolo ayi, anali mnansi wa m'mudzi momwemo, wophunzitsa pansi pa mtengo kapena m'tchalitchi madzulo anthu akaweruka kumunda. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa tiipezanso kuno ku chipululu.

Mmene Qatar inasinthira

Kalembera wa mu 2004 anapeza anthu pafupifupi 744,000 m'dziko la Qatar. Pofika 2010 anali pafupifupi 1.7 miliyoni, ndipo kalembera wa mu 2020 anapeza oposa 2.8 miliyoni. Kuchuluka kotereku sikunabwere chifukwa cha kubereka, koma chifukwa cha alendo odzagwira ntchito ochokera ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Sri Lanka, Kenya, Uganda ndi maiko ena. Eni nthaka ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ife obwera. Dzikoli litapatsidwa mwayi wochititsa mpikisano wa World Cup pa 2 December 2010, ntchito zomanga misewu, mabwalo a mpira ndi njanji zinakokera kuno anthu enanso ambirimbiri.

M'chaka chomwecho cha 2004 boma linakhazikitsa bungwe loona za makompyuta ndi mauthenga lotchedwa ictQATAR, motsogozedwa ndi Dr. Hessa Al Jaber, amene mu 2013 anadzakhala nduna ya zimenezi. Mu 2008 bungweli linatsegula Hukoomi, khomo la pa intaneti lopezerapo ntchito za boma. Mu 2009 kampani ya Vodafone inayamba kupikisana ndi Qtel, yomwe kuyambira 2013 imatchedwa Ooredoo. Mu 2010 kunatsegulidwa Mada, malo othandiza anthu olumala kugwiritsa ntchito zipangizo zamakono. Kenaka unduna wa za m'dziko unabweretsa Metrash2, pulogalamu ya pa foni yochitira nkhani za ziphaso ndi zilolezo zokhalira m'dziko muno.

Kwa munthu wa mu ofesi, zonsezi zinali mpumulo, chifukwa mizere italiitali inachepa. Koma kwa mmisiri wonyamula matumba a simenti ku Industrial Area, khomo la boma linali litasamukira kumalo kumene iye sakanatha kufikako. Walira mvula walira matope.

Zipinda za makompyuta m'makomboni

Boma linaliona vutoli, ndipo mu 2014 linayambitsa ndondomeko yotchedwa Better Connections. Kayendetsedwe kake kanali kotere. Kampani yolemba anthu ntchito inkapereka chipinda pamalo ogona antchito ake. Makompyuta anali akale, operekedwa ndi maofesi a boma ndi makampani, ndipo ankakonzedwanso kudzera m'magulu otchedwa Green Computer Club, momwe ana a sukulu ankaphunzira kufufuta zakale ndi kuikamo mapulogalamu atsopano. Kampani ya Microsoft inkathandiza ndi mapulogalamu, Vodafone Qatar inkapereka intaneti, ndipo bungwe la Reach Out To Asia linkaphunzitsa anthu odzipereka. Cholinga chomwe chinalengezedwa chinali chofikira antchito 1.5 miliyoni kudzera m'zipinda 1,500.

Chimene chinandigwira mtima ine m'ndondomekoyi ndi njira yophunzitsira. Ankasankha antchito angapo pa komboni iliyonse, n'kuwaphunzitsa bwino, kuti iwowo akaphunzitse anzawo m'chilankhulo chawo, usiku akaweruka kapena Lachisanu, lomwe ndi tsiku lopuma kuno. Phunziro loyamba silinali lozama: kuyatsa kompyuta, kugwira mbewa, kutsegula imelo, kuimbira abale kumudzi moonana nkhope, ndi kupeza pa Hukoomi zimene lamulo likunena za ufulu wa wantchito. Kodi imeneyi si sukulu ya kwacha yomwe ija? Kusiyana kwake n'koti m'malo mwa choko ndi bolodi panali kiyibodi. Panalinso ndondomeko ina yotchedwa Wasla, momwe achinyamata ankaphunzitsa okalamba kugwiritsa ntchito foni ndi intaneti.

Zolemba zophunzitsira zinakonzedwa m'Chingerezi, m'Chiarabu ndi m'zilankhulo za magulu akuluakulu ochokera ku Asia. Ife a ku Africa ambiri tinkadalira Chingerezi, ndipo aliyense wa ife akudziwa kuti Chingerezi cha Sitandade 8 chimatha mphamvu chikakumana ndi mawu a m'kontirakiti.

Ufulu umene umadzera pa foni

M'zaka zotsatira malamulo a ntchito anasintha kwambiri, ndipo pafupifupi kusintha kulikonse kunafuna kuti wantchito adziwe foni. Mu November 2015 lamulo linayamba kukakamiza makampani kulipira antchito kudzera ku banki, kuti boma lizitha kuona ngati malipiro achedwa. Munthu amene moyo wake wonse ankalandira ndalama pamanja anapatsidwa khadi ndi nambala yachinsinsi. Ndinaonapo ndi maso anga abambo akuluakulu ataima pa makina otulutsira ndalama, akupereka khadi ndi nambala yomwe kwa mlendo kuti awatapire.

Mu 2017 kunabwera lamulo nambala 15 loteteza ogwira ntchito za m'nyumba: maola osaposa 10 pa tsiku, tsiku limodzi lopuma pa sabata, ndi tchuthi cha masabata atatu pa chaka. Mu April 2018 bungwe la International Labour Organization linatsegula ofesi yake ku Doha, ndipo chaka chomwecho antchito ambiri anasiya kufunika chilolezo cha bwana potuluka m'dziko. Mu 2020 lamulo linachotsa kalata ya bwana yovomereza munthu kusintha ntchito. Wantchito amapereka chidziwitso cha mwezi umodzi ngati sanapitirire zaka ziwiri pa ntchitoyo, kapena miyezi iwiri ngati wapitirira. Kuyambira March 2021 malipiro ochepetsetsa ndi ma riyal 1,000 pa mwezi, kuphatikizapo 500 ya malo ogona ndi 300 ya chakudya ngati bwana sapereka zimenezi.

Koma chidziwitso chosinthira ntchitocho chimaperekedwa pa intaneti, ndipo yankho limabwera pa uthenga wa pa foni. Dandaulo nalonso lili ndi khomo lake pa intaneti. Lamulo likhoza kukhala labwino chotani, koma ngati mwini ufulu sadziwa podina, amabwereranso kwa mkhalapakati, monga ankachitira agogo anga ndi wolemba makalata uja.

Chaka cha 2020

Mliri wa Covid-19 ndi umene unaonetsa poyera kukula kwa nkhaniyi. Mu March 2020 gawo lalikulu la Industrial Area linatsekedwa, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo malo otumizira ndalama kunja anatsekedwanso kwa masabata angapo. Anthu anauzidwa kuti azitumiza ndalama pa foni. Amene ankadziwa anatumiza ali chigonere pa bedi. Amene sankadziwa anangogwira ndalama m'manja, ana kumudzi akudikira. Kuyambira pa 22 May 2020 aliyense wotuluka panja analamulidwa kukhala ndi pulogalamu ya Ehteraz pa foni, ndipo popanda chizindikiro chobiriwira sunkaloledwa kulowa m'sitolo kapena m'banki. Kafoni ka mabatani sikankatha kunyamula pulogalamuyi, motero ambiri anagula foni zatsopano mokakamizika, n'kuphunzira kuzigwiritsa ntchito m'masiku ochepa. M'miyezi imeneyo ndinaona kuti aphunzitsi enieni anali alonda a pa geti, oyendetsa galimoto ndi anzathu a ku mapemphero, amene ankakhala pansi ndi mnzawo n'kumuonetsa pang'onopang'ono.

Amene ndondomekozi sizinawafike

Zipinda za Better Connections zinali m'makomboni a makampani. Koma madera ngati Al Messila alibe makomboni otere. Kuli nyumba za mabanja, ndipo kuseri kwa mipanda yake kuli amayi ophika, ochapa ndi olera ana, aliyense payekhapayekha. Iwowa alibe chipinda cha makompyuta, alibe mnzawo wa bedi loyandikana woti awaphunzitse, ndipo dongosolo lolondola malipiro ku banki la mu 2015 silinawaphatikize. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi omwenso ali kutali ndi sukulu.

Zimene zinachitikira alongo athu ku Oman, dziko lomwe silili kutali ndi kuno, zikutiphunzitsa mbali zonse ziwiri za foni. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino, ena kudzera pa Facebook, koma atafika analandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Chimene chinawapulumutsa chinali gulu la pa WhatsApp lomwe anayambitsa mayi wina wa ku Malawi wokhala ku United States. Amayi oposa 50 anapezana m'gululi, n'kutumiza mawu ndi zithunzi zomwe zinakhala umboni, mpaka ambiri anabwerera kwawo. Foni yomweyo inawakola, foni yomweyonso inawamasula. Kusiyana kunali pa kudziwa.

Kumudzi nakonso

Uthenga uli ndi mbali ziwiri, wotumiza ndi wolandira. Kwathu bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, linathandiza kutsegula malo ophunzirira makompyuta m'madera akumidzi monga Goliati ku Thyolo, Khudze ku Mwanza ndi Vikwa ku Kasungu. Koma chimene chinasintha kwambiri moyo wa mabanja ndi ndalama za pa foni: Airtel Money inayamba mu 2012, ndipo Mpamba ya TNM inatsatira mu 2013. Pamodzi ndi izi kunabweranso akamberembere oimba foni kunena kuti atumiza ndalama molakwika, kapena kudzitcha a ku kampani n'kumapempha nambala yachinsinsi. Thukuta la mwezi wathunthu pa dzuwa la Doha likhoza kutha m'mphindi ziwiri ku Ntcheu, ngati amayi athu sanauzidwe kuti nambala imeneyo sapatsa munthu, ngakhale wa pa kauntala.

Zoti titolepo

Ndikaiyang'ana mbiri yonseyi, kuyambira ku Wenela mpaka ku Ehteraz, ndikuona kuti boma ndi makampani akhoza kupereka zipangizo, koma kuphunzira kwenikweni kumachitika pakati pa anthu awiri olankhula chilankhulo chimodzi ndi okhulupirirana. Ndikuonanso kuti zoyenera kuphunzitsa ndi zochepa ndithu: kusunga nambala yachinsinsi, kujambula kontirakiti ndi pasipoti n'kuzisunga mu imelo, kuona malipiro pa foni, kutumiza ndalama popanda mkhalapakati, kutumiza malo omwe uli kwa mbale, ndi kuzindikira lonjezo la ntchito labodza. Aliyense adziwenso kuti lamulo la Qatar limaletsa bwana kusunga pasipoti ya wantchito mokakamiza.

Malo ophunzirira alipo. Kuchokera pamene njanji yobiriwira ya Doha Metro inatsegulidwa pa 10 December 2019, munthu wokwera sitima pa siteshoni ya Al Messila amatsika pa siteshoni yachitatu ali pa Qatar National Library, kumene aliyense wokhala ndi chiphaso cha Qatar amalembetsa ulere ndipo amapezako makompyuta ndi intaneti. Chosowa ndi munthu woperekeza.

Choncho pempho langa kwa inu amene munapita patali ndi sukulu ndi lakuti Lachisanu likubwerali mupatule ola limodzi, mukhale pansi ndi m'bale mmodzi amene amangoti "ndidinireni", ndipo foniyo ikhale m'manja mwake, osati mwanu. Inunso amene zimakuvutani, musachite manyazi kufunsa, pajatu safunsa anadya phula. Ndipo mukaimba foni kumudzi sabata ino, musanafunse za mvula ndi feteleza, yambani mwawafunsa amayi ngati nambala yawo yachinsinsi akuidziwa okha.