Kuchokera pa "e" wa buluu kufika pa AI: mbiri ya mabrowser athu



Masiku ano ambiri mukufunsa kuti browser yabwino ndi iti, poti bandulo ikutha ngati mchere m'madzi, foni ikutentha, ndipo paliponse palowa AI. Ine poti ndimaphunzitsa History, ndimakhulupirira kuti funso lotere limayankhika bwino tikayamba taona kumene tachokera.

Intaneti ya anthu wamba inafika m'Malawi mu 1997 kudzera ku kampani ya MalawiNet. Pa nthawiyo ku America kunali kulimbana koopsa pakati pa Netscape, yomwe inatuluka mu 1994, ndi Internet Explorer ya Microsoft, ya mu 1995. A Microsoft anapambana chifukwa ankaika browser yawo mu Windows kompyuta isanafike n'komwe kwa wogula. N'chifukwa chake ife amene tinayambira m'ma internet cafe a ku Lilongwe, tikulipira pa mphindi, tinkangodziwa kuti intaneti ndi chilembo cha "e" cha buluu chija. Sitinasankhe ayi, tinangochipeza. Firefox itatuluka mu 2004 kuchokera pa zotsala za Netscape, ndi ochepa kuno amene anaidziwa.

Koma kwa Mkanda intaneti sinabwere pa kompyuta. Inabwera m'thumba, pa timafoni ta Nokia ta mabatani, m'zaka zomwe Celtel inasanduka Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010, ikupikisana ndi TNM. Mfumu ya nthawi imeneyo inali Opera Mini ya ku Norway, yomwe inafalikira dziko lonse mu 2006. Nzeru yake inali iyi: ukafuna tsamba, foni yako sinkapita yokha kukalitenga. Inkatuma makompyuta akuluakulu a kampani ya Opera, omwe ankalitsegula, kulifinya kuti lichepe, ndi kukutumizira lopepuka. Ndi mayunitsi ochepa munthu unkawerenga nkhani za mpira, kulowa pa Facebook, ngakhale netiweki ili ndi kandodo kamodzi.

Izi zimandikumbutsa makalata a agogo athu amene anali ku Joni pa Wenela. Kalata ikafika, agogo aakazi osadziwa kuwerenga ankaitana mwana wa sukulu kuti awawerengere ndi kuwalembera yankho. Ntchito inkatheka bwino lomwe, koma mwanayo ankadziwa zinsinsi zonse za banja. Opera Mini inali mwana wa sukulu uja: zonse zinkadutsa m'manja mwake. Mu 2016 browser ya Opera inagulitsidwa kwa gulu la makampani a ku China. Sindikunena kuti anachita nazo zoipa. Ndikungoti wotiwerengera makalata anasintha, ndipo ambiri a ife sitinadziwe.

Kenako kunabwera mafoni a Android, ma itel ndi ma Tecno, ali kale ndi Chrome, yomwe a Google anaitulutsa mu 2008. Mbiri inadzibwereza: tinangoipezanso. Tisaiwale kuti ndalama zambiri za Google zimachokera ku malonda otsatsa, ndipo malonda otere amayenda bwino akamadziwa zomwe munthu amakonda ndi kumene ali. Internet Explorer inaikidwa m'manda mu June 2022. Lero Edge, Opera, Brave ndi Vivaldi zonse zimayendera injini ya Chromium yomwe amaitsogolera ndi a Google. Mwa zomwe tingaike pa Android, yodziwika yokhala ndi injini yakeyake ndi Firefox.

ChatGPT itatuluka mu November 2022, makampani anathamangira kuika AI m'mabrowser. Mu 2023 Microsoft inaika yake mu Edge, Opera inabweretsa Aria, ndipo mu 2025 Google inayamba kuika Gemini mu Chrome. Kuti AI ikufupikitsireni tsamba, kawirikawiri zomwe zili pa tsambalo zimatumizidwa ku makompyuta a kampaniyo. Ndi mwana wa sukulu yemwe uja, kungoti tsopano amamvetsa zomwe akuwerenga, ndipo angathe kuzisunga.

Apa ndi pamene ife aphunzitsi tiyenera kusamala. M'mafoni mwathu muli maina a ophunzira, masiku awo obadwa, malikisi, manambala a makolo ndi zolembetsera mayeso a MANEB. Zimenezi si zathu, tinangosungitsidwa. Kuyambira 2024 dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, ndipo aliyense wosunga mbiri za anthu ali ndi udindo woziteteza. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa intaneti timasiya zonse ziwiri.

Nanga tisankhe iti? Palibe yoyera ngati mngelo. Firefox ndi ya Mozilla, bungwe lomwe cholinga chake chachikulu si phindu, ndipo pa Android imalola kuika uBlock Origin yotchinga malonda. Koma ndalama zake zambiri zakhala zikuchokera kwa Google yemweyo, ndipo nayo inalowetsa AI, ngakhale munthu angathe kuizimitsa. Brave, ya mu 2016, imatchinga malonda payokha, zomwe zimapulumutsa bandulo ndi batire, koma ili ndi AI yake yotchedwa Leo. Vivaldi anaiyambitsa Jon von Tetzchner, mmodzi wa amene anayambitsa Opera, ndipo kampaniyo inanena poyera kuti siika AI yocheza nayo mu browser yake.

Ine ndimagwiritsa ntchito ziwiri. Za sukulu ndi za ndalama ndimatsegula pa Firefox, AI nditaizimitsa. Nkhani za Bullets ndi Wanderers, bandulo ikakhala pang'ono kutha, ndimawerenga pa Opera Mini, poti chigoli cha mpira si chinsinsi cha munthu.

Kawiri konse, pa Explorer ndi pa Chrome, anatisankhira ena. Pa Opera Mini linatisankhira ndi thumba. Ulendo uno musanaike browser, dzifunseni mafunso atatu: mwini wake ndani, amapeza bwanji ndalama, ndipo kodi AI yake ikutheka kuzimitsidwa? Aphunzitsi a Computer Studies, chonde kafunseni mafunso omwewa ku Fomu 3.