Kota

Kota ndi gawo loikidwiratu kuti lipite kwa munthu kapena gulu. Mlimi wa fodya ku Kasiya amaidziwa bwino: ndi makilogalamu amene waloledwa kulima ndi kugulitsa.

Ku yunivesite, kota inali kusankha ophunzira potengera boma lomwe akuchokera. Bingu wa Mutharika anaibwezeretsa mu 2009, koma inathetsedwa mu 2020 anthu, makamaka a kumpoto, atadandaula kuti ana awo okhoza bwino akusiyidwa.

Kota ina ikadalipo. Lamulo la 2013 likuti polemba ntchito m'boma, akazi kapena amuna asachepere 40 pa 100 alionse. Ine ndikufuna mayunivesite aboma aitsate polemba aphunzitsi, kuti mtsikana wa ku Nsaru akafika ku Bunda azikaphunzitsidwanso ndi akazi anzake.