Liuli ndi Mbamba Bay: Gombe la Nkhondo ya Chiwaya ndi Maina Amene Sanalembedwe

Mbamba Bay ndi likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, ndipo ili kutsidya kwa nyanja moyang'anizana ndi Nkhata Bay. Boma limeneli linapatulidwa ku boma la Mbinga m'chaka cha 2012. Kumpoto kwake kuli Liuli, doko limene Ajeremani ankalitcha Sphinxhafen chifukwa cha mwala waukulu woima m'madzi pafupi ndi gombe. Akatswiri ambiri a mbiri amanena kuti nkhondo yoyamba ya padziko lonse, pa mbali ya kumenyana kwa pamadzi, inayambira pa doko limeneli.

Mu Ogasiti 1914, sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Edmund Rhoades, inafika ku Liuli kudzafuna sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Inaipeza ili pamtunda, ikukonzedwa, ndipo inaiwomba ndi mzinga. Kaputeni Berndt wa sitima ya Ajeremani anali mnzake wa Rhoades, ndipo mbiri imati anapalasa bwato mokwiya kukafunsa ngati mnzakeyo waledzera, pakuti uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Anagwidwa pomwepo. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Liuli ndi kuonongeratu sitimayo kuti isayendenso m'nkhondoyo. Mzinga wa Guendolen uli ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya chikumbutso cha Mfumukazi Victoria.

Nkhaniyi imakambidwa ngati nthabwala, koma zotsatira zake zinali zowawa. Nyanja itakhala m'manja mwa Angerezi, inasanduka msewu wa nkhondo. Kuyambira 1916, gulu la Jenerali Edward Northey linkatsitsa asilikali, ufa ndi zipolopolo pa madoko a gombe la kum'mawa, monga Manda, imene Ajeremani ankaitcha Wiedhafen. Kuchokera pamenepo katundu ankakwera mapiri kulowera ku Songea pamitu ya anthu. Amenewa ndiwo amtengatenga. Ku Nyasaland kokha, amuna pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondoyi, ambiri mwa iwo atagwidwa mokakamiza kudzera kwa mafumu, pamene asilikali anali pafupifupi 19,000. Ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala, osati ndi chipolopolo. Makolo anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ija. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya mu Novembala 1914 kuti Afirika akuferanji pa mkangano umene suli wao.

Kumeneko ndi kumene kusiyana kwa chikumbutso kukuonekera. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, gulu la ndege zoponya mabomba la Britain, Bomber Command, linataya anthu 55,573, ndipo oposa 10,000 mwa iwo anali a ku Canada. Ku Nanton, m'chigawo cha Alberta, kuli khoma la mwala pamene maina ao analembedwa limodzilimodzi. Ku London, Mfumukazi Elizabeth II inatsegula chipilala chao ku Green Park mu Juni 2012. Chipilalacho chinachedwa zaka zambiri chifukwa cha mtsutso wokhudza anthu wamba amene anafa m'mizinda ya Germany monga Hamburg ndi Dresden. Komabe mdzukulu wa woyendetsa ndege wa ku Canada angathe kuloza dzina la agogo ake ndi chala.

Mdzukulu wa mtengatenga wa m'mbali mwa nyanjayi alibe poloza. Chipilala cha Askari ku Dar es Salaam, chimene chinatsegulidwa mu 1927, chimalemekeza asilikali ndi osenza katundu onse pamodzi, popanda dzina ndi limodzi lomwe. Ku Malawi, nkhata za maluwa zimaikidwa mwezi wa Novembala chaka ndi chaka pa chipilala cha King's African Rifles ku Zomba, koma mwambowo ndi wa asilikali ovala yunifolomu.

Mu Epulo 2021, lipoti la bungwe loyang'anira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Afirika ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo kuti tsankho ndilo linachititsa. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, a Ben Wallace, anapepesa m'nyumba ya malamulo. Mu Januwale 2025 bungwelo linatsegula chikumbutso chatsopano ku Cape Town, chokhala ndi maina oposa 1,700 a anthu a ku South Africa amene anafa akugwira ntchito za nkhondoyo, ambiri a iwo kuno kum'mawa kwa Afirika.