Akupingamnyama Phiri: dziwani mayi amene anabala Kamuzu Banda

Dzina la Kamuzu lili paliponse: pa bwalo la ndege ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu, pa bwalo la mpira ku Blantyre, ngakhale pa K1,000 ili m'thumba mwanuyo. Koma tafunsani pagulu lanu la WhatsApp kuti amayi ake anali ndani, muona anthu akungowerenga osayankha. Dzina lawo ndi Akupingamnyama Phiri, ena amalemba kuti Akupinganyama. M'nkhani ino ndasonkhanitsa mbiri yawo ndi ya banja lawo, ndipo mfundo yanga ndi imodzi: zambiri zimene zinamuumba Kamuzu zinachokera kuchikazi. Ife a kuno ku Chisi, kumene mwana amakhala wa kwa amake, nkhaniyi sitivutika kuimva.

Mwachidule

Dzina: Akupingamnyama Phiri
Mtundu ndi mfunda: Mchewa wa mfunda wa Phiri, ndiye kuti Anaphiri
Kwawo: dera la Kasungu
Amuna awo: Mphonongo Banda
Mwana wodziwika: Hastings Kamuzu Banda, nduna yaikulu ya Nyasaland kuyambira 1963, pulezidenti wa Malawi kuyambira 1966 mpaka 1994
Mbale wodziwika wa kuchikazi: Mbusa Hanock Msokera Phiri wa mpingo wa African Methodist Episcopal (AME)

Kasungu amene anakuliramo

Akupingamnyama anakula Azungu asanayambe kulamulira dziko lino. Masiku amenewo Kasungu anali m'manja mwa mfumu Mwase, amene anali ndi mfuti, ankachita malonda a minyanga ya njovu ndi Jumbe wa ku Nkhotakota, ndipo analimba osagonjera Angoni. Anthu ankakhala m'midzi yotchingidwa ndi malinga chifukwa cha nkhondo ndi ogwira akapolo. Zimenezi si zachilendo kwa ife: akuluakulu a kuno amanena kuti chilumba cha Chisi nachonso chinali pothawirapo anthu m'nthawi ya nkhondo zomwezo.

Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, likulu n'kukhala Zomba wathuyu. Mwase anakana kugonja. Kumapeto kwa Disembala 1895 asilikali a boma la atsamunda anathira nkhondo mudzi wake, ndipo iye anasankha kudzipha kusiyana n'kugwidwa. Kenaka kunabwera msonkho wa nyumba, nawo amishoni a Livingstonia a ku Scotland anatsegula mishoni ya Chilanga ndi masukulu a m'midzi. Mwana wa Anaphiri anabadwa patangopita zaka zochepa chigonjetsedwere Mwase. Mayiyu analera mwana m'dziko limene malamulo ake anali atangosintha.

Phiri ndi Banda: mafunda awiri akuluakulu

Ukwati wa Akupingamnyama ndi Mphonongo unalumikiza mafunda awiri akuluakulu a Achewa. M'mbiri ya Amaravi, a Phiri ndiwo anali a ufumu. Kalonga ankachokera kwa a Phiri, ndipo ufumuwo unkadutsira mwa mayi wotchedwa Nyangu. A Banda ankadziwika ngati eni nthaka, osunga akachisi opempherera mvula, ndipo Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa iwo.

Mwanayo anatenga dzina la Banda kwa bambo ake, koma pa mwambo wa Chichewa anali wa kwa amake. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, amalima munda wa kwa apongozi, ndipo banja likatha amanyamula kathumba kake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Woyang'anira anawo ndi mlongo wa mayi, amene ku Kasungu amati atsibweni, kuno timati amalume, achinyamata n'kumati ankolo. Alongo ake a mwamuna pamodzi ndi ana awo ndiwo mbumba yake, iye n'kukhala nkhoswe yawo. Mawu awiriwa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Dzina loti Kamuzu ndi nkhani ya amayi ake

Mbiri imanena kuti Akupingamnyama anakhala nthawi pabanja osaona mwana. Anapita kwa sing'anga, amene anawapatsa mankhwala a mizu, kenaka anaima n'kubala mwana wamwamuna. N'chifukwa chake mwanayo anatchedwa Kamuzu, kutanthauza muzu waung'ono. Mabuku ena amalemba dzina lake la paubwana kuti Kamnkhwala, lomwe likuloza ku nkhani yomweyo. Dzina la Hastings linabwera pambuyo, atabatizidwa mu 1910, ndipo analitenga kwa mmishoni wa ku Scotland, John Hastings.

Taganizani: dzina limene linkaimbidwa m'nyimbo zaka 30, limene anthu ankaopa kulitchula molakwika, linayamba ngati chikumbutso cha mayi amene ankalira mwana. Amene anakulira kumudzi akudziwa mmene mkazi wosabereka amanenedwera pachitsime ndi pamtondo. Mpaka lero chala chimaloza mkazi, chikhalirecho achipatala amanena momveka kuti vuto la kusabereka limapezeka kwa amuna ndi akazi omwe. Ndiye mukamatchula Kamuzu, dziwani kuti mukutchula misozi ndi chimwemwe cha Anaphiri.

Anabereka liti? 1906 kapena 1898?

Nthawi ya ulamuliro wake boma linkati Kamuzu anabadwa pa 14 Meyi 1906, ndipo 14 Meyi ndi tsiku limene timapumabe pokumbukira iye. Koma olemba mbiri ambiri amaika kubadwa kwake cha m'ma 1898. Masamu ake ndi osavuta. Mnyamatayu anachoka kwawo cha mu 1915, atafika kale polemba mayeso a aphunzitsi. Akanakhala wa 1906, bwenzi ali ndi zaka 9 zokha. Mwana wa zaka 9 kulemba mayeso a uphunzitsi n'kuyenda wapansi mpaka ku Rhodesia? Ayi ndithu. Atamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, chikalata cha imfa chinati anali ndi zaka 99, zomwe zikugwirizana ndi 1898.

Masiku amenewo kunalibe kalata ya kubadwa kapena buku la kusikelo. Amayi ankakumbukira ana awo ndi zochitika: chaka cha dzombe, chaka cha njala, chaka cha nkhondo. Agogo athu kuno amachitanso chimodzimodzi akamati uje anabadwa chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa.

Sukulu ndi amalume

Kamuzu anayamba sukulu ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, pafupi ndi pamene anadzamangapo Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981. Atachoka apo anakakhala kwa agogo ake obala amayi ake, n'kumaphunzira pa sukulu ya Chayamba, asanapite ku mishoni ya Chilanga. Onani njira yake: ikudutsa kuchikazi.

Munthu wofunika kwambiri pa njira imeneyi ndi Hanock Msokera Phiri, amalume ake, amene anaphunzira ku Livingstonia n'kukhala mphunzitsi. Cha mu 1915 Kamuzu anatulutsidwa m'chipinda cha mayeso pomuganizira kuti akuonera, pomwe iye ankanena kuti anangoimirira kuti aone bwino pa bolodi poti anali wamfupi. Anachoka wapansi mpaka ku Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu ku Zimbabwe, n'kukagwira ntchito pachipatala. Kumeneko anali limodzi ndi Hanock, ndipo mu 1917 awiriwa analowera ku South Africa kukagwira ntchito m'migodi. Onse analowa mpingo wa AME. Hanock anadzozedwa ubusa n'kubwerera ku Kasungu mu 1924 kukayambitsa mpingowo ndi masukulu ake, pomwe mpingo womwewo unathandiza Kamuzu kupita ku America mu 1925.

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni ya nkhoswe: kutenga mwana wa mlongo wako n'kumuonetsa njira. Popanda banja la Anaphiri, nkhani ya Wilberforce, Chicago, Meharry ndi Edinburgh ikanavuta kuyamba.

Mayi wa mtchona

Kuchokera pamene anachoka mpaka pa 6 Julayi 1958, tsiku limene anatera pa Chileka, panadutsa zaka zoposa 40. Kumudzi munthu wotere amatchedwa mtchona. Akupingamnyama anali mmodzi mwa amayi ambirimbiri a ku Nyasaland amene ana awo anatengedwa ndi migodi ndi mafamu a kummwera, msonkho ukuwathamangitsa kumbuyo. Mwana amene anamupeza movutikira uja ndi yemweyo amene anachoka ali mnyamata. Amayi a kuno amene ana awo ali ku Joni, kapena amene amuna awo amatha miyezi ali pa zimbowera pakati pa nyanja, akudziwa kulemera kwa kudikira. Kusiyana kwake n'koti lero kuli foni.

Chinthu chimodzi cha amayi ake chimene Kamuzu anapita nacho kutali ndi chilankhulo. Ali ku Chicago anagwira ntchito ndi katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins, amene mu 1937 anatulutsa buku la galamala ya Chichewa. Chichewa cha m'bukumo ndi cha ku Kasungu, chimene mnyamatayo anayamwira. Mu 1968 boma lake linasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, dzina loti Chinyanja, lomwe agogo athu a m'mbali mwa Chilwa ankalidziwa, n'kuikidwa pambali.

Pali mphekesera imene imazungulira pa Facebook chaka ndi chaka, yoti Kamuzu weniweni anafera kunja ndipo amene anabwera mu 1958 anali mlendo wotchedwa Richard Armstrong. Imakula chifukwa choti pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, John Msonthi kenaka John Tembo n'kumamasulira. Koma mphekeserayi ilibe umboni. Kamuzu ankalemberana makalata ndi amalume ake ali kunja, ankathandiza chipani cha Nyasaland African Congress ali ku London, ndipo atsogoleri amene anamuitana kuti abwere ankamudziwa. Musanatumize nkhani imeneyi kwa anzanu, kumbukirani kuti mukufufuta mayi weniweni ndi banja lenileni la ku Kasungu.

Mbumba ya pamudzi, mbumba ya chipani

Mu 1946 Kamuzu ndi mmishoni Thomas Cullen Young anatulutsa buku lotchedwa Our African Way of Life. Young ndi yemwe uja anamutulutsa m'mayeso zaka 30 m'mbuyomo, dziko ndi lozungulira amangwetu. M'mawu oyamba a bukulo anafotokoza za mbumba ndi nkhoswe monga mmene zimakhalira kwa Achewa, zomwe Kamuzu anaziona pakhomo pa amayi ake.

Atatenga boma, mawu aja anawalowetsa m'ndale. Amayi onse a m'Malawi anakhala mbumba yake, iye n'kukhala Nkhoswe Nambala Wani. Amayi ovala nsalu ya nkhope yake ankavina paliponse pamene wapita. Ena anapindula: anamangiridwa nyumba, ena anakwera ndege koyamba, ndipo mwamuna womenya mkazi ankaopa kunenezedwa kuchipani. Koma panalinso zowawa. Kuvina sikunali kosankha, amayi ankasiya minda ndi ana kukayeserera nyimbo, ndipo wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pamsika. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Ndipo ndende ya Mikuyu, yomwe ili kuno ku Zomba konkuno, inasunga ana a amayi ena zaka zambiri popanda kuzengedwa mlandu, mmodzi mwa iwo mlakatuli Jack Mapanje, kuyambira 1987 mpaka 1991.

Ine ndimaona kusiyana kwake motere. Pamudzi, nkhoswe ikalephera ntchito mbumba imakhala pansi n'kuidzudzula, mwinanso kusankha wina, pakuti mphamvu ya nkhoswe imachokera kwa amayiwo. Nkhoswe ya dziko lonse inalibe woidzudzula, mpaka pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pamene Amalawi, amayi ali m'gulu lomwelo, anasankha zipani zambiri.

Banja lero

Mudzi wa Chiwengo ku Kasungu ndiwo umadziwika ngati kwawo kwa banjali. Ena mwa adzukulu a m'banja la Kamuzu akhala m'maudindo a boma: Ken Kandodo anakhala nduna ya zachuma kuyambira 2009 mpaka 2011, ndipo Khumbize Kandodo Chiponda anasankhidwa kukhala nduna ya zaumoyo mu 2020.

Ntchito yatsala kwa ife

Mbiri ya nthawi ya atsamunda inalembedwa ndi abwanamkubwa, amishoni ndi amuna ophunzira, ndipo iwo ankalemba za amuna anzawo. Dzina la Akupingamnyama linapulumuka chifukwa mwana wawo anatchuka. Nanga la agogo anu aakazi obala agogo anu, lipulumuka bwanji? Kuno kwa T/A Mkumbira munda, malo omangapo nyumba ndi ufumu wa pamudzi zimatsata mzere wa amayi, ndipo milandu yambiri ya malo imavuta chifukwa achinyamata sadziwa kutchula mzerewo kupitirira mibadwo iwiri.

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, chitenje mugule ndithu. Koma mukatsika boti kuchokera ku Kachulu, khalaninso pamkeka ndi agogo, mutsegule chojambulira mawu pafoni yanu, muwafunse dzina la amayi awo, mfunda wawo, kumene anachokera ndi chimene chinawasamutsa. Mukamaliza mulembe mainawo m'kope, kope lina musungitse kwa amalume.