Mbiri ya Mphuno pa Nkhani za Chikondi

Aliyense amene adawetapo mbuzi amadziwa kuti tonde safuna nkhoswe pofunsira. Fungo lake, limene ife timatseka nalo mphuno, ndilo limadzutsa mbuzi zazikazi m'khola. Nayenso galu wamkazi ikafika nthawi yake, agalu aamuna a m'midzi yoyandikana amasonkhana popanda wowamemeza. Funso limene lazunguza akatswiri kwa zaka pafupifupi 150 ndi lakuti: kodi nafenso anthu tili ndi kafungo kobisika kamene kamatikokera kwa uyu ndi kutitalikitsa kwa uyo ife osadziwa? Mbiri ya funsoli ndi ya anthu amene poyamba adainyoza mphuno, kenaka n'kudzaitamanda mopitirira muyeso.

Kunyozako kudayambira ku France. M'chaka cha 1879, katswiri wa za ubongo, Paul Broca, adaona kuti kachigawo ka ubongo kolandira fungo n'kakang'ono mwa munthu tikakayerekeza ndi ubongo wonse. Iye adagamula kuti munthu ali m'gulu la zolengedwa zosadalira fungo, ati chifukwa nzeru ndi ufulu wosankha zidalanda malo a mphuno. Chigamulochi adachipereka pongoyang'ana kukula kwa ziwalo, osayesa n'komwe luso la anthu lonunkhiza. Komabe mawu a munthu wotchuka satsutsika msanga. Naye Sigmund Freud adawonjezera m'chaka cha 1930 kuti munthu atayamba kuyenda choimirira, mphuno idatalikirana ndi nthaka ndipo maso ndiwo adatenga ufumu pa nkhani za chilakolako. Mabuku ambiri adabwereza ganizoli kwa zaka zoposa 100.

Pamene mphuno ya munthu inkanyozedwa chotere, ofufuza za tizilombo ankaona zodabwitsa. Cha m'ma 1870, Jean-Henri Fabre, wa ku France komweko, adatsekera gulugufe wamkazi wausiku m'kachikwere ka waya m'nyumba mwake. Usiku womwewo agulugufe aamuna pafupifupi 40 adalowa m'nyumbamo, chonsecho Fabre sankamva fungo lililonse. Amene adadzapeza chinsinsi chake ndi Adolf Butenandt wa ku Germany. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha: mkuluyu ndi anzake adatha zaka pafupifupi 20 akufinya agulugufe aakazi okwana 500,000 a mtundu umene mbozi zake zimapanga ulusi wa silika. M'chaka cha 1959 adalengeza kuti apeza mankhwala amene gulugufe wamkazi amaitanira amuna, ndipo adawatcha bombykol. M'chaka chomwecho Peter Karlson ndi Martin Lüscher adapeka dzina lakuti pheromone, kutanthauza mankhwala amene cholengedwa chimatulutsa n'kusintha nawo khalidwe la chinzake cha mtundu womwewo.

Posakhalitsa zidadziwika kuti m'malovu a nkhumba yaimuna muli mankhwala otchedwa androstenone amene amachititsa yaikazi kuima nji kuti ikweredwe. Alimi a ku Ulaya adayamba kuwagula m'zitini n'kumapopera m'makola. Apa anthu adadzifunsa kuti, ngati zikutheka kwa gulugufe ndi nkhumba, chingaletse n'chiyani kwa munthu?

Yankho loyamba lidachokera kwa Martha McClintock wa ku America. M'chaka cha 1971 iye adalemba m'magazini ya sayansi ya Nature kuti atsikana 135 amene ankagona m'nyumba imodzi pa koleji ya Wellesley adayamba kuyandikana masiku awo opitira kumwezi, ndipo adaganiza kuti mwina fungo la m'thupi ndilo linkachititsa. Nkhaniyi idafala ngati moto wa m'tchire, mpaka lero ambiri amaikhulupirira. Koma ena atabwereza kafukufukuyu adapeza zolakwika m'kawerengedwe kake. Beverly Strassmann, amene adakhala pakati pa anthu a mtundu wa Dogon ku Mali n'kumawerenga masiku amene amayi ankapita kukanyumba kawo ka msambo, sadapeze kuyenderana kulikonse. Masiku a amayi awiri amakumana n'kusiyananso okha popeza kutalika kwa mwezi wa aliyense n'kosiyana.

Kafukufuku wotchuka kuposa onse adachitika m'chaka cha 1995 pa yunivesite ya Bern ku Switzerland. Claus Wedekind adapatsa amuna 44 malaya kuti agone nawo masiku awiri osadzola mafuta onunkhira, osamwa mowa komanso osasuta fodya. Kenaka akazi 49 adanunkhiza malayawo. Ambiri adakonda fungo la amuna amene ankasiyana nawo pa zachibadwa zina zotengera kwa makolo, zotchedwa MHC, zimene zimathandiza thupi kuzindikira matenda. Ganizo lidali lakuti makolo osiyana chotere amabereka ana a chitetezo champhamvu cha m'thupi. Akazi amene ankamwa mapiritsi olera adasankha mosemphana ndi anzawo. Izi zidasonyeza kuti thukuta limanyamula uthenga ndithu. Koma kukonda fungo la malaya ndi kumanga banja ndi zinthu ziwiri. M'chaka cha 2020, ofufuza a ku Germany adaunika mabanja 3,691 ndipo adapeza kuti okwatiranawo sadali osiyana pa MHC kuposa anthu ongophatikizidwa mwachisawawa.

Amalonda sadadikire kuti akatswiri amalize kukambirana. M'chaka cha 1991, kampani ina ya mafuta onunkhira ya ku America idalengeza kuti mankhwala awiri, androstadienone ndi estratetraenol, ndiwo akoka anthu, ndipo mabotolo olonjeza chikoka adadzaza m'masitolo. Ife amene timamva za mankhwala a kondaine sitingadabwe nazo, pakuti mtima wofuna kukondedwa sulimbana ndi mtengo. Kusiyana kwake n'kwakuti wogulitsa uyu adavala chovala choyera cha sayansi. Tristram Wyatt wa pa yunivesite ya Oxford adatsutsa m'chaka cha 2015 kuti padalibe umboni weniweni wotsimikizira zimenezi, ndipo m'chaka cha 2017 ofufuza a ku Australia adapeza kuti mankhwala awiriwa sankasintha mmene anthu ankaonera kukongola kwa anzawo. Mpaka lero palibe amene wapeza mwa munthu mankhwala ofanana ndi bombykol.

Tisafulumire kunena kuti Broca adalondola. M'chaka cha 1975, Aidan Macfarlane adasonyeza kuti khanda la masiku 6 limatembenukira ku kansalu kochokera pa bere la mayi wake kusiya ka mayi wina. M'chaka cha 2007, ophunzira a ku Berkeley adamangidwa m'maso n'kukwawa pa udzu, ndipo ambiri adalondola mkwasa wa fungo la chokoleti ngati agalu osaka. Ku Israel, m'chaka cha 2015, ofufuza a Weizmann Institute adajambula anthu mobisa n'kupeza kuti ambiri akapatsana moni wa m'manja amapititsa dzanja kumphuno iwo osazindikira. Pomaliza, m'chaka cha 2017, John McGann adalemba m'magazini ya Science kuti zoti munthu ndi wofooka ponunkhiza idali nthano chabe yochokera m'nthawi ya Broca.

Tsono mbiriyi ikutiphunzitsa chiyani? Mbali zonse ziwiri zidagwa m'mbuna imodzi, yofuna yankho lachidule. Broca adafuna munthu wopanda chinyama mwa iye, amalonda adafuna munthu wongotsogozedwa ndi mphuno ngati gulugufe. Umboni umene ulipo ukusonyeza munthu amene mphuno yake imagwira ntchito mwakachetechete: imathandiza khanda kudziwa mayi wake, imakumbutsa wamasiye za mnzake akanunkhiza chovala chimene adasiya, ndipo mwina imaponyako liwu pamene mnyamata ndi mtsikana akumana koyamba. Koma pabwalo loweruza za ukwati pamakhalanso maso, makutu, khalidwe, chipembedzo, chuma ndi malangizo a ankhoswe. Mphuno ndi mmodzi mwa aphungu a pabwalopo, ndipo mpando wa mfumu sudakhalepo wake. Choncho wina akakubweretserani botolo lakuti mukadzola aliyense akutsatani, kumbukirani kuti Butenandt adafunika agulugufe 500,000 ndi zaka 20 asanatsegule pakamwa, ndipo mumufunse wogulitsayo kuti umboni wake uli kuti.